Surf yanga ikugogoda ikaima pa roboti, kodi ndi ovaholo basi?

Funso ili lachokera kwa bambo wina wa ku Chilenje, ati: "Akulu, ndili ndi Toyota Hilux Surf ya 1998, injini 1KZ, otomatiki, pa dashibodi ikuonetsa makilomita 380,000 ndi kanthu. Kuyambira kale m'mawa imalira kha-kha-kha koma ikatentha imakhala bwino. Manje kwabwera kaphokoso kena kakuthwa, kamamveka olo injini yatentha, makamaka ndikaima pa jamu ya pa Kafue roundabout kapena pa ma roboti, koma ndikaponda moto kamasowa. Mphamvu ilipo, oyilo siikudya kwambiri. Makanika mmodzi akuti ma bearing apita tichite ovaholo, wina akuti tithiremo oyilo yolimba ndi mankhwala a m'kachitini kaphokoso katha. Ndimvere ndani? Mwezi wamawa ndili ndi ulendo wa ku Chipata."

Abambo, musamvere aliyense pa awiriwo kaye. Sindikuti ndi anthu oipa ayi, koma pa zomwe mwalembazi palibe amene wakuuzani kuti phokosolo likuchokera pamalo pati pa injini, ndipo kukamba za ovaholo musanadziwe zimenezo ndi kugamula mlandu mboni zisanalankhule. Wachiwiriyo yekha ndiye ndikumukaniratu pano pomwe, chifukwa chake ndikamba kutsogoloku. Komanso mwanena chinthu chimodzi chomwe chandikhazika mtima pansi, chakuti mukaponda moto kaphokosoko kamasowa. Bearing yakutha sichita choncho kawirikawiri, iyo imakwiya mukamakweza marevu, simakhala chete.

Tiyambe ndi kha-kha-kha wa m'mawayo, chifukwa ameneyo si matenda. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto ngati ya petulo, imafinya mpweya mpaka utenthe wokha kenako nozo imapopera dizilo mu mpweya wotenthawo. Ya petulo imafinya mpweya maulendo 9 kapena 10, 1KZ yanuyo imafinya maulendo pafupifupi 21. Dizilo ikalowa siyaka pompo, pamakhala kamphindi kakang'ono kodikira, ndipo pa kamphindi kameneko nozo ikupitirizabe kupopera, ndiye moto ukagwira umagwira dizilo yonse yomwe yaunjikanayo nthawi imodzi, pha! Kumenya kumeneko ndi komwe mumamva. Pa idling injini yanu imazungulira pafupifupi 700 pa mphindi, ma silinda anayi, ndiye kuti kuphulika 1,400 pa mphindi, kupitirira 20 pa sekondi iliyonse, ndipo popeza motoka yaima palibe phokoso la matayala kapena mphepo lobisa zimenezi. Injini ikazizira kamphindi kodikira kaja kamatalika, dizilo younjikana imachuluka, kugogoda kumakula. Onjezanipo kuti Lusaka ili pamtunda pafupifupi mamita 1,300, mpweya ndi wopepukirapo kusiyana ndi ku Dar es Salaam komwe motokazi zimatsikira, ndiye m'mawa wa Juni kapena Julayi kukazizira mpaka pansi pa madigiri 10 dizilo yakale iliyonse imalira ndithu. Ngati ikumachedwa kulira, kutulutsa utsi woyera wonunkha dizilo komanso kunjenjemera kwa masekondi angapo oyamba, yesetsani ma heater plug, mapulagi otenthetsa mu silinda musanalize injini, nthawi zambiri mumapeza imodzi kapena awiri anafa kalekale mwini osadziwa. Ndi ntchito yaing'ono.

Za 380,000 zija zisakuopseni, komanso musazikhulupirire kwambiri. Motoka ya 1998 yadutsa m'manja ambiri ndipo tonse tikudziwa kuti nambala ya pa dashibodi imatha kubwezedwa m'mbuyo. Ine ndimayang'ana mmene injini yasungidwira, oyilo imasinthidwa liti, inawirapo kapena ayi. Pali ma 1KZ, ma 3L ndi ma TD27 a Nissan omwe ayenda kuposa pamenepa osatsegulidwa pansi, ndipo pali ena omwe ananoka asanafike theka lake chifukwa mwini ankaona ngati oyilo ndi ya pa Khirisimasi chabe.

Manje kaphokoso katsopanoko. Musanapite ku garaji iliyonse chitani izi nokha pakhomo, sizifuna ndalama. Itenthetseni bwino bwino, imani pamalo abata, tsegulani boneti, wina akhale mkati phazi pa buleki ndi handibuleki yokoka. Mverani ili pa P, kenako aike pa D, kenako pa R, kenako ayatse AC ndi kuzimitsa. Inu musaime kutsogolo kwa motoka, imani cha m'mbali. Ngati phokoso likusintha akamasintha magiya, likukula pa D ndi kuchepa pa P, ndiye mwina silikuchokera mkati mwa injini konse. Mwakamba kuti limamveka pa jamu ndi pa ma roboti, apo nkuti motoka ili pa D phazi pa buleki, marevu atsika pang'ono ndipo injini ikugwedezeka kuposa nthawi ina iliyonse. Chilichonse chomasuka chimalira nthawi imeneyo. Ma mounting a injini amene labala lake linaphwa kapena kung'ambika, kachitsulo kotchinga kutentha pa ekizozi kamene bawuti yake inagwa, paipi yokhudza bodi, bulaketi ya alternator, ngakhale chitsulo cha pansi chotchinga sampu chimene chinapindika pa ma hampu ndi maenje a mu komboni. Zinthu zimenezi mukangokweza marevu pang'ono kugwedezeka kumasintha ndipo zimakhala chete, ndendende mmene mwafotokozera. Ndaonapo injini yabwinobwino itatsala pang'ono kutsitsidwa chifukwa cha kachitsulo ka pa ekizozi kongofuna bawuti imodzi.

Chida chomvera chili kale m'nyumba mwanu, sikuludiraiva yaitali kapena kamtengo kouma. Nsonga muike pa chitsulo, chogwirira muike pa khutu, muzisuntha malo, pa alternator, pa pampu ya pawa sitiyaring'i, pa kompuresa ya AC, pamwamba pa kava ya matapeti, pa nozo iliyonse, m'mbali mwa buloko, pa sampu. Pomwe pali vuto mudzamva kusiyana, simufunika kukhala makanika. Chenjerani ndi fani ndi mabeluti, malaya a manja aatali pindani, tayi vulani. Njira ina yomwe ndimaikonda kwambiri ndi kumasula mabeluti akunja onse ndi kuliza injini kwa mphindi imodzi chabe ili yosatentha kwambiri. Phokoso likasowa mwadziwa kuti lili pa chimodzi mwa zinthu zomwe mabelutiwo amazungulitsa, ndiye mumangozungulitsa chilichonse ndi dzanja kumva chomwe chikukhakhala kapena kugwedera. Mphindi imodzi basi, chifukwa pampu ya madzi siikuzungulira. Muli pomwepo yang'anani pule yaikulu ya pansi ya pa crankshaft, chitsulo chachikulu chomwe mapisitoni amazungulitsa, ili ndi labala pakati pa zitsulo ziwiri, labalalo likakalamba pule imayamba kuvina ndipo imagogoda mwa njira yomwe imanamiza ngakhale amakanika akale.

Popeza yanu ndi otomatiki pali chinanso chomwe anthu amaiwala, chimbale chopyapyala chomwe chimalumikiza injini ndi torque converter, yomwe imagwira ntchito ya klachi pa otomatiki, ena amati flexplate ena amangoti flywheel. Chikang'aluka pafupi ndi mabawuti kapena bawuti imodzi ikamasuka chimalira ngo-ngo-ngo cha kumbuyo kwa injini, pamalire ndi giyabokosi, ndipo chimafanana maningi ndi bearing. Kusiyana kwake nkwakuti chimasintha mukaika giya ndipo oyilo pulesha imakhala yabwino. Pansi pali kachivundikiro kotsegula nkuunika ndi tochi. A motoka za magiya a manyuwo, inu mayeso anu ndi klachi, pondani mumve. Phokoso losowa mukaponda lili mu giyabokosi, lobwera mukaponda ndi release bearing, bearing yokankha klachi.

Ngati zonsezi zili bwino ndiye tibwere komwe ine ndikuganizira kwambiri, ku ma nozo. Mwati kaphokosoko ndi kakuthwa, ndipo pa 1KZ ya msinkhu umenewu, ngati simukukumbukira kuti ma nozo anatulutsidwapo liti, ndikanabetcha pamenepo. Nozo ya injini yanu ndi ya sipuling'i, imatseguka dizilo ikafika pulesha ya pafupifupi 150 bar, ndipo imayenera kupopera ngati nkhungu kenako kutseka mwamphamvu osadontha. Zaka zikamapita sipuling'i imafooka, singano ya mkati imadyeka, ndiye imayamba kutseguka msanga ndi kulavula madontho akuluakulu m'malo mwa nkhungu, ina imadonthabe itatseka. Silinda imeneyo moto wake umagwira molakwika, dizilo yambiri nthawi imodzi, ndiye mumamva ta-ta-ta wakuthwa wosiyana ndi anzake atatu. Pa idling ndi pomwe zimamveka kwambiri chifukwa dizilo yopoperedwa ndi yochepa kwambiri ndipo kusiyana pang'ono pakati pa ma silinda kumaonekera, mukakweza marevu kumabisika. Zizindikiro zina ndi utsi wothetha m'maso pa idling, kunjenjemera pang'ono pa sitiyaring'i, ndi dizilo kutha msanga kusiyana ndi kale.

Mayeso ake ndi akale koma sanama. Injini ili pa idling makanika amamasula pang'ono nati ya paipi yopita ku nozo imodzi, ataphimba ndi kansalu, mpaka dizilo ituluke pambali, ndiye kuti silinda imeneyo yazimitsidwa. Amamvera, amamanga, amapita pa ina. Pa silinda yomwe kaphokosoko kasowa ndi pomwe pali nkhani. Koma apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, mverani bwino. Big end bearing, ya pomwe mkono wa pisitoni umagwira crankshaft, ikatha nayonso imachepetsa phokoso mukazimitsa silinda yake, chifukwa palibenso moto woimenya kuchokera pamwamba. Ndiye makanika akamasula nambala 3, phokoso nkusowa, iye nkunena kuti mwaona bwana, bearing ya nambala 3, sanatsimikize chilichonse. Chofunika ndi kusinthanitsa, nozo ya nambala 3 ipite pa nambala 2, ya 2 ibwere pa 3, mubwereze mayeso aja. Phokoso likasamuka kutsatira nozo, mlandu watha, ndi nozo. Likatsalira pa 3 ndiye tiyambe kukamba za pisitoni kapena bearing. Ntchito imeneyi ndi ya ola limodzi kapena awiri, ndipo ngati makanika wanu wa ovaholo uja akukana kuichita, mudzifunse kuti akuthamangira chiyani.

Ma nozo akatuluka apititseni onse anayi kwa akatswiri a mapampu a dizilo, alipo ku industrial area cha ku Lumumba Road uko, akaike pa makina oyesera inu muli pomwepo mukuona. Muone pulesha yomwe iliyonse ikutsegukira, muone utsi wa dizilowo ngati uli nkhungu kapena mkodzo, muone ngati ikudontha. Asinthe nsonga zonse zinayi osati imodzi, ndipo pogula nsonga musathamangire zotchipa kwambiri zopanda dzina, ma nozo a injini imeneyi ndi a Denso ndipo zabodza zadzaza m'mashopu, zimagwira miyezi yochepa nkuyambanso. Pobwezera aike mawashala atsopano, akale akapsinjidwa kamodzi sagwiranso, ndipo washala yotayitsa imalira tsu-tsu-tsu nkumatulutsa phula lakuda kuzungulira nozo. Ndikulimbikira pa nozo chonchi chifukwa si nkhani ya phokoso chabe. Nozo yodontha imatenthetsa malo amodzi mopitirira, imatsuka oyilo pa khoma la silinda, ndipo pa 1KZ, yomwe hedi yake ndi ya aluminiyamu yodziwika kale ndi kung'aluka ikatenthedwa, kuyenda nayo miyezi ndi kuitanira vuto lalikulu kuposa lomwe muli nalo.

Pampu ya dizilo nayo ingachititse. Tayiming'i ya pampu, nthawi yomwe dizilo imapoperedwa, ikatsogola kwambiri injini yonse imagogoda mwakuthwa, ma silinda onse mofanana, ikachedwa imakhala chete koma yaulesi ndi utsi woyera. Pa 1KZ-TE, mtundu wa 1KZ womwe uli mu Surf yanuyo, tayiming'iyo imayendetsedwa ndi kompyuta kudzera pa ka valavu ka pansi pa pampu, ndipo kompyutayo imadalira sensa ya kutentha kwa madzi, sensayo ikanama kuti injini ikadali yozizira, imalira ngati m'mawa tsiku lonse. Ndiye ngati pali amene anagwirapo pampu kapena mawaya posachedwa, munene. Ndikufunsaninso, kaphokosoko kanayamba mutathira dizilo kuti? Ya pa filling station masiku ano ndi ya salufa yochepa, paipi ya TAZAMA yochoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola inayamba kunyamula dizilo yotereyi mu 2023, ndipo injini yanu ilibe nayo vuto. Yomwe imapha ndi ya m'zigubu ya m'mbali mwa msewu, yomwe simudziwa kuti asakanizamo chiyani. Parafini amachedwa kuyaka kusiyana ndi dizilo ndiye kugogoda kumakula, komanso ndi wouma, satelereka, pomwe pampu ndi ma nozo zimadalira dizilo yomweyo ngati mafuta ake. Madzi ndiye osakamba. Sinthani fyuluta ya dizilo, khetsani madzi pansi pake, thirani thanki yodzaza pamalo odalirika, mumvenso.

Matapeti, tizitsulo tokankha mavalavu, sindichedwapo. Kulira kwake ndi tiki-tiki wopepuka pamwamba penipeni, wa liwiro la theka la injini. Pa 1KZ mpata wake injini itazizira ndi 0.20 mpaka 0.30 mm ku inlet ndi 0.25 mpaka 0.35 mm ku ekizozi, ndipo amakonzedwa ndi ma shimu, tizitsulo tozungulira tosintha mpatawo, osati sikuluu ngati pa TD27 kapena 4D56, nchifukwa chake amakanika ambiri amangowalumpha. Ayezedwe ndithu, koma dziwani kuti tapeti yolira siopsa kwenikweni, yoopsa ndi yothina yomwe siilira konse, imeneyo imawotcha valavu mwakachetechete. Gasiketi ya manifodi ya ekizozi ikapsa nayonso imalira ngati tapeti, chizindikiro chake ndi mwaye wakuda pomwe ikutayira, ndipo kawirikawiri imamveka kwambiri kukazizira. Kutsogolo kwa injini ngati mukumva kukhakhala kapena kulira kwa fiii pansi pa kava ya pulasitiki, ndi tenshona kapena pule ya timing belt, imeneyo musaizengereze. Beluti ya 1KZ ndi ya makilomita 100,000, ndipo ikaduka mavalavu amakumana ndi mapisitoni, ovaholo mumaikana ija imabwera yokha.

Tsopano bearing yeniyeniyo, kuti mukathe kutsutsana ndi makanika wanu muli ndi mfundo. Phokoso lake silikhala lakuthwa, ndi lolemera, gu-gu-gu wa pansi, mumalimva kwambiri mukaika sikuludiraiva pa sampu kapena m'munsi mwa buloko. Limakula injini ikatentha chifukwa oyilo yapyapyala, limakula mukakweza marevu, makamaka mukaponda pang'ono nkusiya, ndipo silikhala miyezi lili chimodzimodzi, limaipa sabata ndi sabata. Nthawi zambiri limabwera ndi nyali ya oyilo yophethira pa idling injini itatentha, kapena yochedwa kuzima m'mawa. Inu simunakambepo za nyali imeneyi, ndiye ndikuyesa kuti siikuyaka, koma musadalire nyali yokha, imayaka zinthu zitafika kale poipa. Uzani makanika achotse switchi ya oyilo aikepo geji ya wotchi. Buku la Toyota la injini imeneyi limalola 0.3 bar kupita m'mwamba pa idling ndi 2.5 kupita m'mwamba pa marevu 3,000, injini itatentha. Kunena zoona injini yathanzi imaonetsa zoposa 0.3 patali, ndiye ikakhala pafupi ndi malirewo ine ndimayamba kukayika. Kenako khetsani oyilo mu beseni loyera muiyang'ane padzuwa, dulani fyuluta ya oyilo mutambasule pepala lake. Tizitsulo tonyezimira ta mtundu wa kopa kapena siliva ndi bearing ikudyeka, pamenepo palibe kukangana. Ngati pulesha ili bwino ndipo pepala lili loyera, munthu asakuuzeni za ma bearing. Ndipo olo zitapezeka kuti ndi bearing, mukaigwira msanga crankshaft isanakandike nthawi zina zimatheka kutsitsa sampu nkusintha ma bearing okha, osati ovaholo yonse.

Apa mwaona kale chifukwa chomwe ndakanira wa oyilo yolimba uja. Inde phokoso limachepa, sakunama. Koma ngati vuto ndi nozo, nozoyo ikudonthabe, mwangogontha khutu. Ngati ndi bearing, mwabisa chizindikiro chokha chomwe chikanakupulumutsirani crankshaft. Komanso oyilo yolimba kwambiri yothiramo zauchi zija imachedwa kufika ku turbo ndi pamwamba pa hedi m'mawa kukazizira, pomwe injini imadyeka kwambiri ndi masekondi oyambawo. Mankhwala amenewo amawakonda ndi anthu ogulitsa motoka, kuti ikhale chete mpaka wogula alipire. Inu thirani 15W-40 ya dizilo yeniyeni, yolembedwa CH-4 kapena CI-4 pa chigubu, yogula pamalo odalirika chifukwa oyilo yabodza nayo ilipo, musinthe pamodzi ndi fyuluta pa makilomita 5,000 alionse. Ndi fumbi la Ogasiti ndi Seputembala komanso kuima pa jamu tsiku lililonse, pomwe injini ikugwira ntchito koma makilomita osawerengeka, musatalikitse kuposa apo.

Mukafuna kudziwa ngati injini yatopadi mkati, tsegulani chivundikiro chothirira oyilo ili pa idling yotentha, muchiike pakamwa pake osamanga. Kuvina pang'ono ndi kautsi kochepa ndi zabwinobwino pa dizilo yakale. Chikamakankhidwa kugwa ndi utsi wa phu-phu-phu motsatizana, ma ring'i kapena pisitoni zatha. Koma chogamula chenicheni ndi geji ya kompuresheni. Pa 1KZ yabwino imakhala cha m'ma 30 bar, malire apansi ndi 20, ndipo ma silinda asasiyane kuposa 5. Manambala amenewa makanika akulembereni papepala, silinda ndi silinda. Mwati mphamvu ilipo ndipo oyilo siikudya, ndiye ndikukayika ngati mupeza zoipa apa. Pali kugogoda kwina kwa pisitoni yomasuka pang'ono mu silinda, kumamveka injini ikazizira nkusowa ikatentha, injini zambiri zakale zimayenda nako zaka.

Kwa anzathu a D-4D, ma Hilux ndi ma Prado a 1KD ndi 2KD, komanso ma common rail ena onse, injini za dizilo zatsopano zomwe ma nozo ake amatsegulidwa ndi kompyuta, zomasula paipi ya nozo injini ikulira musayerekeze. Mmenemo pulesha imapitirira 1,300 bar, dizilo yake imaboola khungu nkulowa m'thupi, anthu amaduka zala. Inu mayeso anu ndi a kompyuta, imaonetsa mmene dizilo ya injekita (nozo) iliyonse ikuonjezeredwa kapena kuchepetsedwa pa idling, ndipo nambala ikamayandikira kapena kupitirira 3, kaya kumwamba kaya kumunsi, injekitayo yatopa. Injinizi zinapangidwa kuti zizikhala chete chifukwa zimayamba zapopera kadontho kakang'ono moto waukulu usanabwere, ndiye D-4D ikayamba kulira ngati 3L ya minibasi, makamaka m'mawa, kadonthoko kasokonekera. Pa 1KD muyang'anenso mawashala a pansi pa ma injekita, akatayitsa mwaye umalowa mu oyilo nkukatseka sefa ya pampu ya oyilo mu sampu, injini nkunoka mwini akuti koma oyilo ndimasintha. Ndipo idling yokwera nkutsika yokha nthawi zambiri ndi ka SCV, ka valavu koyendetsa dizilo yolowa mu pampu.

Za ku Chipata, ndi makilomita opitirira 550, ndipo mapiri a Manenekela musanatsikire pa mlatho wa Luangwa ndi pomwe 1KZ yodwala imaonekera, makamaka mutanyamula katundu ndi banja lonse. Muli ndi mwezi, ndi nthawi yokwanira. Sabata ino chitani zomvera zija pakhomo, kenako geji ya oyilo ndi kudula fyuluta, kenako ma nozo. Zikapezeka kuti ndi mounting kapena kachitsulo, mangani muzipita. Zikakhala nozo, konzani musananyamuke, ndipo poti boneti ndi yotsegula kale atsukenso radiyeta, ayese klachi ya fani ngati ikugwira injini ikatentha, aone thermostat ngati ilimo, chifukwa ambiri anaichotsa, ndi tsiku lomwe timing belt inasinthidwa. Panjira, nyali ya oyilo ikayaka, kapena phokoso likasanduka lolemera nkumakula ndi marevu, kapena singano ya kutentha ikachoka pakati, kapena injini ikayamba kukwera marevu yokha ndi utsi wambiri, imani pomwepo muzimitse, musati ndifike kaye pa Nyimba. Mukapita ku garaji mukhalepo nokha pa mayeso a geji ndi osinthanitsa ma nozo aja, manambala muwajambule pa foni, ndipo mukawapeza munditumizire ndiwaone musanalole munthu kumasula bawuti ya hedi.